Kukadya nsomba mu Zomba: malesitilanti atsopano a "seafood" kapena malo odyera a m'dera?

Zomba ilibe nyanja ya mchere, ndipo Malawi yense alibe. Ndiye mukaona chikwangwani cholembedwa kuti "seafood" pa lesitilanti yatsopano, dziwani kuti pansi pa mawu amodziwo pali nsomba za magulu atatu, zoyenda misewu yosiyana. Pali za m'nyanja ya mchere, monga ma prawns (tinyama ta chikamba ta mtundu wa nkhanu), kalamari (kanyama kofewa kopanda minga) ndi nsomba ya hake, zomwe zimalowa m'dziko muno zili zoundana kuchokera ku Mozambique kapena ku South Africa, zambiri n'kudzera m'mashopu akuluakulu a ku Blantyre. Pali za m'nyanja ya Malawi, chambo, kampango ndi mcheni, zobwera ndi msewu wa M3 kuchokera ku Mangochi kudzera pa Liwonde. Kenako pali zathu za ku nyanja ya Chilwa, matemba, makumba ndi milamba, zomwe zimakocheza pa Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Ubwino wa mbale yomwe mupatsidwe umayambira pa ulendo umene nsombayo yayenda, ndi pomwe yakhala ikusungidwa. Mipando yokongola ndi nyali zowala zimabwera pambuyo.

Malo odyera a m'dera, kaya ndi ku Chinamwali, ku Matawale, ku Chikanda, ku Sadzi, pa Mpondabwino kapena kuseri kwa msika waukulu, ambiri amayenda mofanana. Mayi mwini malo amalawirira kumsika, amagula nsomba za tsiku limenelo basi, molingana ndi mbale zomwe akudziwa kuti zituluka. Ambiri alibe firiji, ndipo chimenechi n'chomwe chimawakakamiza kuti asagoneke nsomba yaiwisi. Ikamakwana 11 koloko makumba amakhala atapalidwa mamba, atatumbulidwa, atathiridwa mchere, ali m'chiwaya. Mukafika pakati pa 11:30 ndi 1:30 masana mudya nsomba yomwe yangochoka pamoto, khungu lili khirichikhirichi, nyama yake yoyera ndi yonyowa. Pa nthawi imeneyi malowa n'ngovuta kuwapambana.

Vuto limayamba ikadutsa 2 koloko. Nsomba yokazingakazinga imaikidwa m'beseni, n'kuvundikira ndi kansalu, kapena m'kabokosi kagalasi komwe dzuwa likuwombapo. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda chabe, pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo m'mwezi wa Okutobala beseni lija limakhala ndendende pamenepo. Chakudya chophika chikakhala choncho kupitirira maola anayi, musachidye. Mukafika mochedwa, pemphani kuti nsomba yanu ibwezedwe pamoto mpaka itenthe mpaka pa msana, osati kungoiviika m'mafuta kamphindi. Ngati mayi akuti moto wazima, dyani nyemba kapena mazira ongokazinga pomwepo.

Malesitilanti atsopano amadalira firiza, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Nsomba youndana si yoipa. Prawn yomwe inaundanitsidwa itangovuulidwa, n'kusungidwa pa madigiri 18 pansi pa ziro ulendo wonse, imafika mu Zomba ili bwinobwino ndipo ingakhale miyezi ingapo. Chimene chimaiwononga ndi kusungunuka n'kuundananso. Magetsi akazima maola ambiri pamalo pomwe palibe jenereta kapena sola yokwanira kuyendetsa firiza, kunja kwa nsomba kumafewa, madzi amatuluka, tizilombo timadzuka. Magetsi akabwera zonse zimaumanso ngati palibe chachitika. Kuundana sikupha tizilomboto, kumangotigoneka. N'chifukwa chake funso loyamba musanayitanitse chakudya cha m'nyanja ya mchere likhale lakuti, "Achimwene, magetsi akazima firiza yanu imayenda ndi chiyani?" Malo ochita zinthu mwadongosolo sakhumudwa ndi funsoli, amakuyankhani mosazengereza. Funso lachiwiri: "Katunduyu wabwera liti?"

Yang'ananinso kutalika kwa menyu. Lesitilanti ya matebulo khumi yomwe yalemba mitundu makumi atatu ya nsomba siingagulitse zonsezo sabata iliyonse. Zina zagona mufiriza nthawi yaitali. Malo olemba mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, n'kumakuuzani poyera kuti lero kalamari watha, ndiwo oyenera kuwakhulupirira. Masiku abwino ndi Lachisanu ndi Loweruka madzulo, pomwe anthu amachuluka ndipo katundu amayenda. Lolemba masana nthawi zambiri mumapeza zotsala.

Ma prawns akafika patebulo, musathamangire sosi. Yambani mwanunkhiza. Prawn yabwino imamveka kafungo ka madzi a mchere, nyama yake imakhala yolimba, mukailuma imadukira pa dzino. Ikamveka fungo lobaya m'mphuno ngati la mkodzo, ibwezeni, ngakhale atathira adyo wochuluka bwanji. Ikakhala yophwetekeka ngati phala, inasungunukapo kale. Madontho akuda pamutu ndi m'miyendo amasonyeza kuti inakhalitsa isanaundanitsidwe. Paokha sadwalitsa, koma mukawaona pamodzi ndi kufewa, lekani. Kaphikidwe nakonso kamaoneka ndi maso: prawn imapsa pa mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, ndipo yopsa bwino imapindika pang'ono ngati chilembo cha C. Ikazungulira n'kukumana mutu ndi mchira, yapsereratu, muzingotafuna ngati mphira. Pa mtengo, funsani chiwerengero ndi kukula kwake, osati magalamu okha. Ma prawns oundana amakutidwa ndi ayezi kunja, ndipo ena amayesa kulemera ali ndi ayezi yemweyo, mutu ndi chikamba. Zikachoka zonsezi, chotsala m'mbale chimachepa kwambiri.

Kalamari ali ndi lamulo lake: kumukazinga msangamsanga pa mafuta otentha kwambiri, osapitirira mphindi ziwiri, apo ayi kumuphika pang'onopang'ono kupitirira theka la ola. Chapakati pamenepo amalimba. Ngati ufa wokutira kunja wanyowa ndi mafuta, ndiye kuti mafutawo sanatenthe mokwanira. Amafunika kufika madigiri 175 kapena 180, ndipo wophika asadzaze poto, chifukwa zidutswa zikachuluka mafuta amazizira.

Zinthu ziwirizi, ma prawns ndi kalamari, simudzazipeza kwa mayi wa m'dera, ndipo ndicho chifukwa chenicheni chopitira ku malo atsopano. Nsomba ya m'nyanja ya mchere yomwe imafika mpaka m'makwalala ndi karapau. Iyeyu ndi wotsika mtengo, wamafuta, wokoma pomuwotcha, koma akakhalitsa pamalo otentha atasungunuka amatha kupanga poizoni wotchedwa histamine, yemwe sachoka ngakhale mutakazinga chotani. Zizindikiro zake zimabwera msanga, pasanathe ola: nkhope kufiira, kuyabwa, mutu kupweteka, nthawi zina kutsegula m'mimba. Karapau akamakuyabwani pa lilime ngati muli tsabola pomwe simunathire, siyani pomwepo.

Tsopano chambo, pomwe mbali ziwirizi zimakumana maso ndi maso. Choyamba, si nsomba iliyonse yolembedwa kuti chambo ili chambo chenicheni cha m'nyanja ya Malawi. Chambo chachepa kwambiri, moti mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu yake pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Zambiri zomwe timadya ndi makumba, kapena nsomba zoweta m'maiwe ndi m'makhola a m'nyanja ku Mangochi. Pafupi pompano, ku Domasi, kuli malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba, ndipo alimi ambiri m'boma lino amaweta makumba ndi chilunguni m'maiwe. Nsomba yoweta si yochepa ulemu. Ndi yabwino, komanso kuidya kumapumitsa nyanja. Koma ngati mukulipira mtengo wa chambo cha ku Mangochi, muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Ichi n'cha m'nyanja kapena choweta?" Ya m'dziwe nthawi zina imamveka kafungo ka matope, makamaka ngati madzi a dziwelo sasinthidwa, wophika wodziwa amachotsa kakhungu kakuda ka m'mimba n'kupaka mandimu asanaike pamoto.

Kwa mayi wa m'dera nsomba mumaiona yathunthu, mutu, zipsepse ndi mchira, ndipo mumaloza nokha yomwe mukufuna. Ngati sinakazingidwe, mungathe kuiyesa: maso akhale owala osati otuwa ndi olowa m'kati, pansi pa chivundikiro cha m'mbali mwa mutu pakhale pofiira, mukadina ndi chala nyama ibwerere, mamba asamangothothoka okha. Ku lesitilanti yatsopano kawirikawiri amakupatsani fileti, ndiye kuti mnofu wokhawokha wopanda minga. Pa nsomba yathunthu, fileti ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Mutu, womwe ambiri a ife timauwerengera kuti ndiye ndiwo, ndi mnofu wa m'mimba wamafuta uja, zimatsala kukhitchini. Choncho mumalipira zambiri pa nyama yochepa, ndipo simungaonenso maso ake kuti mudziwe ngati inali yatsopano. Ubwino wa fileti ulipo ndithu: kwa mwana wamng'ono, kwa agogo omwe maso ayamba kuvuta, kapena kwa mlendo yemwe sanazolowere kusankha minga ndi zala, ndi chisankho chanzeru.

Pomwe malo atsopano amapambana pa chambo ndi pa kuwotcha. Chambo chong'amba pakati, chopakidwa mandimu, adyo ndi batala pang'ono, n'kuwotchedwa pa makala mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri mbali iliyonse, chimatulutsa kukoma komwe mafuta a m'chiwaya amakubisa. M'dera pafupifupi zonse n'zokazinga, ndipo mafuta ndi okwera mtengo, moti ena amawabwereza masiku angapo. Suzumirani m'chiwaya musanakhale pansi. Mafuta akuda, ochita thovu, ofuka utsi moto uli wochepa, amapatsa nsomba kuwawa ndipo ndi amene amakupatsani chilungulira madzulo. Mafuta abwino mumaona pansi pa chiwaya. Koma musaganize kuti vutoli n'la m'makwalala mokha. Khitchini ya lesitilanti yomwe simukuiona ingachitenso zomwezo, ndipo tchipisi chikabwera chakuda ndi chofewa, mwadziwa kale za mafuta ake.

Pa matemba ndi mlamba palibe mpikisano, m'dera ndiye kwawo. Malo atsopano ambiri sazilemba n'komwe, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa zimenezi ndizo nsomba za Zomba. Matemba abwino amadziwika pa dzino: asamveke mchenga. Oyanikidwa pansi amatola dothi, pomwe oyanikidwa pa thandala amakhala oyera. Mayi wodziwa ntchito amawaviika m'madzi ofunda mphindi khumi, amatsuka kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere, kenako amawakazinga pang'ono asanathire anyezi ndi tomato. Akawathira tomato asanawakazinge amaphwanyika, msuzi n'kuwawa. Mlamba wowamba umafuna kudekha. Uyenera kutsukidwa ndi madzi otentha kuchotsa mwaye, n'kubwata pa moto wochepa mphindi 20 kapena 30, osautakasa ndi chikombe, kungogwedeza poto. Ena amatendera ndi nsinjiro, ndipo msuzi wake ndi nsima ya mgaiwa palibe sosi ya m'botolo yofanana nawo. Choyenera kusamala ndi mlamba wowambidwa mothamanga, wouma kunja koma wonyowa m'kati. Mukaunyema n'kupeza pafupi ndi msana pali poterera, pa fungo lowawasa, kapena timabowo ta tizilombo, musapitirize.

Zodyera nsombayo nazonso zimasiyana. M'dera mbale imabwera ndi mitanda iwiri kapena itatu ya nsima, ya ufa woyera kapena mgaiwa, masamba a nyengoyo monga nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso kapena mpiru, kamsuzi ka nyemba, ndi tsabola wa kambuzi pambali. Mukafuna mpunga, kawirikawiri ndi wolimidwa kuno konkuno m'madambo a Chilwa, ku Domasi ndi ku Likangala, wonunkhira ngati Faya. Malo ambiri mukapempha mtanda wina kapena msuzi woonjezera sawerengera. Ku malo atsopano chilichonse chili ndi mtengo wake: tchipisi, saladi, sosi, nthawi zina ngakhale nsima. Funsani kuti mtengo wolembedwawo ukuphatikiza chiyani. Ngati mukufuna nsima, nenani poyitanitsa pomwepo, chifukwa ena amaphika pokhapokha wina wapempha, ndipo ena amakutenthetserani yophikidwa kale, yomwe imachita chikhungu pamwamba.

Za ukhondo anthu amaweruza ndi maso, n'kumaganiza kuti pomwe pali matailosi ndiye pabwino. Zenizeni n'zakuti chakudya chotentha chochoka pamoto chimakhala chotetezeka kulikonse, ndipo zoopsa zimabisala m'zinthu zozizira. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unayambira ku Machinga n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa za madzi. M'dera yang'anani posamba m'manja: pakhale ndowa ya kampopi kapena jagi yothirira, ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo aliyense. Onani madzi otsukira mbale ngati amasinthidwa, ndi ngati ndiwo zavundikiridwa ku ntchentche. Ku lesitilanti yatsopano choyenera kufunsa ndi saladi yaiwisi, ayezi wa m'chakumwa, ndi sosi ya mayonezi yomwe yakhala patebulo tsiku lonse. M'nyengo ya mvula, kulikonse komwe muli, masamba ophika ndi abwino kuposa kabichi waiwisi.

Pali chinthu china chofunika kuchitchula mwapadera. Anthu ena thupi lawo limadana ndi ma prawns ndi nkhanu, ndipo ambiri kuno sadziwa chifukwa sanadyepo. Ngati ndi koyamba, lawani pang'ono n'kudikira. Milomo ikayamba kutupa, pakhosi kuthina kapena kupuma kukavuta, thamangirani kuchipatala, musadikire kuti zitha zokha. Amene akudziwa kale za vutoli afunse ngati tchipisi ndi chambo zimakazingidwa m'mafuta omwe mwadutsa ma prawns.

Pa ndalama kusiyana n'kwakukulu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chilichonse chochokera kunja chimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu ngati ma prawns, kalamari, batala ndi mafuta a olive zinakwera nthawi yomweyo. Onjezani lendi, mafuta a jenereta ndi malipiro a ogwira ntchito. Mbale imodzi ya ma prawns ingadyetse anthu angapo nsima ya makumba ku Chinamwali. Musanayitanitse funsani ngati msonkho wa VAT uli kale m'mitengo ya pa menyu, ndipo werengerani zakumwa, chifukwa ndizo zimatupitsa bilu mwakachetechete. Ambiri amalandira Airtel Money, Mpamba kapena khadi, koma netiweki imatha kuvuta, choncho m'thumba mukhale kandalama. M'dera tengani ndalama zing'onozing'ono, chenje chimasowa. Musaiwale ulendo wobwerera: malo a kumtunda, chakuphiri, usiku mulibe minibasi, ndipo kabaza wa njinga yamoto amakweza mtengo kukada. Panganani ndi wokutengani musanakhale pansi.

Nthawi nayo iwerengereni. Kwa mayi wa m'dera mbale imafika pasanathe mphindi zisanu, n'chifukwa chake ogwira ntchito m'maofesi ndi ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga amadzazako masana. Simungakhalitse, pali ena akudikira benchi. Ku lesitilanti yatsopano nsomba yophikidwa mutayitanitsa imatenga mphindi 30 mpaka 45, ndipo zimenezi n'zoyenera. Chambo chathunthu chowotcha chikafika pa mphindi khumi, chinali chophika kale. Mukakhala gulu, imbani foni masana kuti asungunule nsomba pang'onopang'ono mufiriji. Mukangotulukira, amaisungunula mothamanga m'madzi otentha kapena mu microwave, kunja n'kupsa m'kati muli ayezi. Nsomba yopsa bwino mnofu wake umasiyana ndi minga mosavuta ndipo pa msana sipakhala pofiira. Pa nkhani yokambirana za ntchito, kulandira apongozi ochokera kutali, kapena tsiku lobadwa, malo okhala maola awiri mosasokonezedwa ali ndi phindu lake, ndipo pamenepo ndalamayo siyapita pachabe.

Nyengo imasintha zonsezi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995, komanso mbali yaikulu mu 2018. Zikatero matemba ndi makumba amasowa, malo a m'dera n'kutembenukira ku usipa, bonya ndi karapau. Mu Novembala ndi Disembala, pomwe chambo chikuswana, boma limaletsa makoka ena pa nyanja ya Malawi, ndiye chambo cha m'nyanja chimachepa ndi kukwera mtengo. M'miyezi imeneyi kusankha choweta n'kwabwino kwa thumba lanu ndi kwa nyanja yomwe. Tinsomba ta chambo tating'onoting'ono tosafika msinkhu musagule, kaya ndi pa msika kaya ndi pa mbale. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imalepheretsa asodzi kulowa m'madzi masiku ena, ndipo usipa umachepa mwezi ukamawala kwambiri, popeza asodzi amaukopa ndi nyali usiku. Malo odalira firiza sagwedezeka kwenikweni ndi zimenezi, menyu yawo imakhala yomweyo chaka chonse. Mayi wa m'dera amangokuuzani kuti, "Lero makumba kulibe, bambo, kuli mlamba," ndipo mlambawo ndi umene muyenera kudya tsiku limenelo.

Zotsala za patebulo muzisamale mofanana kulikonse komwe zachokera. Nsomba yokazinga kapena yowotcha ilowe mufiriji pasanathe maola awiri, idyedwe mawa lake itatenthetsedwa mpaka kutuluka nthunzi. Ngati kunyumba kulibe firiji, mlamba ndi matemba a msuzi muziwiritsenso usiku womwewo ndi m'mawa musanadye. Ma prawns ndi kalamari musanyamule n'komwe ngati ulendo ndi wautali kapena magetsi kwanu azima. Yitanitsani mbale imodzi, mugawane, ithere pomwepo.